Suzumirani m'phukusi musanalimasule

Aliyense amene anaimapo pamsika belo la kaunjika likutsegulidwa amadziwa kuti wogulitsa sangofikira kudula mawaya. Amayamba wayala saka pansi, n'kusuntha katundu wake wakale kuti asasakanikirane ndi watsopano, kenako n'kuuza anthu kuti afutuke pang'ono. Amatero chifukwa belolo anamanga ndi munthu wina kutali, ndipo zimene zili m'katimo zikangomasuka zimatupa n'kutenga malo aakulu kuposa mmene belolo linkaonekera.

Chithunzi chimenechi chimandibwerera ndikaona wophunzira atakhala pa terminal, watsitsa fayilo yothera ndi .tar.gz, n'kulemba mofulumira `tar -xzvf` ngati mawu oloweza pamtima. Lamuloli analitenga kwa mnzake, mnzakeyo analitenganso kwa wina, ndipo pamodzi ndi lamulolo pamayenda zikhulupiriro zingapo zimene palibe amazifunsa. Zina n'zosavulaza, zimangotayitsa nthawi. Zina zimatayitsa ntchito ya sabata yathunthu.

"Tar ndi zip ya pa Linux"

Ichi ndicho chikhulupiriro chimene chimabala zina zonse, choncho ndichedwapo. Kupanga belo kuli ndi ntchito ziwiri: kusonkhanitsa zovala n'kuzimanga pamodzi, ndi kuzifinya kuti zichepe. ZIP, imene Phil Katz wa kampani ya PKWARE anatulutsa mu 1989, imachita zonse ziwiri. Tar imachita yoyamba yokha. Dzina lake linachokera ku matepi, chifukwa pamene inkatuluka mu Version 7 Unix mu 1979, ntchito yake inali kulemba mafayilo motsatizana pa tepi ya maginito yosungirapo zinthu. Fayilo iliyonse imatsogozedwa ndi kamutu ka mabayiti 512 konena dzina lake, kukula kwake, mwini wake ndi zilolezo zake, kenako pamabwera za m'kati mwake, kenako kamutu ka fayilo yotsatira. Palibe chimene chafinyidwa. Fayilo ya .tar imakhala yokulirapo pang'ono kuposa mafayilo onse amene ali m'katimo mukawaphatikiza.

Kufinya ndi ntchito ya pulogalamu ina. Gzip, imene Jean-loup Gailly ndi Mark Adler analemba mu 1992 pothawa nkhani ya umwini wa njira imene pulogalamu yakale ya compress inkagwiritsa ntchito, imadziwa kufinya chinthu chimodzi basi. Siidziwa foda. N'chifukwa chake dzina lili ndi michira iwiri: .tar ikunena kuti mafayilo anamangidwa, .gz ikunena kuti mtolowo unafinyidwa. Bzip2 ya Julian Seward, xz ndi zstd zimalowa pamalo omwewo a gzip, n'kutipatsa .tar.bz2, .tar.xz ndi .tar.zst.

Wina angati imeneyi ndi mbiri chabe, ilibe ntchito. Ili nayo. Munthu amene sadziwa kusiyanaku amalemba `gunzip nkhani.tar.gz` n'kudabwa kuti sipanatuluke mafayilo ake, pangotsala nkhani.tar, ndipo fayilo yoyamba ija yasowa. Siinasowe mwangozi: gunzip imachotsa fayilo yofinyidwa ikamaliza, pokhapokha mutaiuza `-k` kuti iisunge.

Ntchito ina ya mbiriyi ndi iyi. ZIP imafinya fayilo iliyonse payokha, n'kuika mndandanda wa zonse kumapeto kwa phukusi. Mukafuna kafayilo kamodzi m'phukusi la magigabayiti 5, unzip imaona pamndandanda n'kulumphira pomwepo. Phukusi la .tar.gz lilibe mndandanda wotero. Ndi mtsinje umodzi wautali, ndipo kuti mufike pa fayilo imene ili kumapeto, kompyuta iyenera kumasula zonse za patsogolo pake ngakhale sikuzilemba pa disiki. Choncho amene amati simungatulutse fayilo imodzi mu tar akulakwitsa, chifukwa `tar -xf nkhani.tar.gz nkhani/mutu3.txt` imatulutsa imodzi yokhayo. Koma amene amayembekezera kuti zichitika pompopompo akulakwitsanso. Phindu la mtsinje umodziwo n'lakuti mafayilo ambiri ang'onoang'ono ofanana, monga khodi ya pulogalamu, amafinyika bwino akakhala pamodzi kuposa aliyense payekha, chifukwa chofinyiracho chimaona mawu obwerezeka kuchokera mu fayilo ina kupita mu inzake.

"Uyenera kuloweza z, j ndi J"

Ndaona anthu akulemba zilembozi pakapepala n'kumata pambali pa sikirini: z ya gzip, j ya bzip2, J yaikulu ya xz. Popanga phukusi zilembozi zili ndi ntchito. Pomasula, GNU tar yakhala ikuzindikira yokha mtundu wa kafinyidwe kuyambira mu 2004, ndipo tar ya pa macOS imachitanso chimodzimodzi. `tar -xf` ndi dzina la fayilo n'zokwanira. Chilembo v nachonso si chokakamiza, chimangosonyeza mayina a mafayilo akamatuluka.

Pali malo amodzi pamene chilembocho chimafunikabe. Mukamatsitsa phukusi ndi curl n'kulithira molunjika mu GNU tar kudzera pa paipi, osalisunga kaye, tar imakana n'kukuuzani kuti phukusilo n'lofinyidwa, muonjezere `-z` kapena chilembo china choyenera.

Chilembo chimene chimayenera ulemu ndi f, ngakhale kuti anthu sachiopa. Chimatanthauza kuti chotsatira ndi dzina la phukusi. Mukalemba `tar -xfz nkhani.tar.gz`, tar imayamba kufunafuna fayilo yotchedwa z, n'kudandaula kuti siikuipeza. Chodabwitsa n'chakuti mukachotsa kamzere koyambako n'kulemba `tar xfz nkhani.tar.gz`, zimatheka, chifukwa kalembedwe kakale kopanda kamzere kali ndi malamulo akeake. Munthu amaona lamulo likugwira kwa mnzake, iye n'kuonjezera kamzere, zinthu n'kukanika, basi n'kuyamba kunena kuti terminal ndi ya anthu anzeru zapadera. Ikani f kumapeto nthawi zonse, nkhani n'kutha.

"Mchira wa dzina umanena zoona"

Dzina la fayilo ndi chikwangwani chimene aliyense angasinthe. Chimene chimanena zoona ndi mabayiti oyambirira a m'kati. Fayilo ya gzip imayamba ndi mabayiti 1f 8b, pamene ya ZIP imayamba ndi zilembo PK, zoyambirira za dzina la Phil Katz. Lamulo la `file` limawerenga zimenezi n'kukuuzani chimene muli nacho.

Kangapo ndaitanidwa kuti ndikaone phukusi "lowonongeka" limene tar ikulikana ponena kuti si la gzip. Kulemba `file` kokha kunaonetsa kuti chimene chinatsitsidwa si phukusi n'komwe, koma tsamba la intaneti lonena kuti fayilo sinapezeke, kapena lopempha dzina ndi pasiwedi, limene linasungidwa ndi dzina lothera .tar.gz. Mmodzi mwa ondiitanawo anali atayesa kale malamulo asanu ndi limodzi omasulira chinthu chimene sichinamangidwepo.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yosangalatsa. Mafayilo a .docx, .xlsx, .odt, .epub, .jar ndi .apk onsewa ndi maphukusi a ZIP ovala mayina ena. Ngati mukufuna zithunzi zonse za mu lipoti la Word, simufunika kuzikopera chimodzichimodzi: `unzip lipoti.docx -d lipoti` imakupatsani foda, ndipo zithunzizo zili mu word/media.

Komanso si tar iliyonse imene ili yofanana ndi inzake. GNU tar, imene ili pa Linux zambiri, siimasula ZIP. Bsdtar, imene ndiyo tar ya pa macOS ndiponso imene Microsoft inaika mu Windows 10 kuyambira mu 2018, imamasula. Anthu awiri angatsutsane mpaka madzulo, wina akuti tar imatsegula zip, wina akuti ayi, onse akunena zimene anaona ndi maso awo.

"Kumasula sikuwononga kanthu, ndi kungotsegula"

Apa ndi pamene mtima wanga uli, chifukwa ndinaphunzira movutikira. Ndinalandira phukusi la ntchito imene tinkagwira anthu angapo, n'kulimasulira mu foda imene ndinkagwiriramo ntchito. Ndinkayembekezera kuti litulutsa foda imodzi yatsopano. Amene analimanga anali atamanga mafayilo ali pamtetete, opanda foda yowasunga, ndipo ambiri anali ndi mayina ofanana ndi anga. Mafayilo anga a masiku anayi analowedwa m'malo ndi akale a mnzanga. Tar siinandifunse chilichonse, ndipo sipanaoneke uthenga wa vuto, chifukwa kwa iyo sipanali vuto. Inachita zimene ndinaiuza.

Zoona zake n'zakuti kumasula ndi kulemba pa disiki yanu, ndipo amene amasankha mayina ndi malo olembapo ndi womanga phukusi, osati inu. Unzip imayamba yafunsa ikapeza fayilo ya dzina lomwelo, pokhapokha mutaipatsa `-o`. GNU tar siifunsa. Imafufuta yakale n'kuika yatsopano, ndipo yofufutidwayo siipita mu bini imene mungaitolemo. Kuti isakhudze zimene zilipo kale, mumaiuza `-k`.

Mankhwala ake ndi otchipa moti zimandipweteka kuti saphunzitsidwa tsiku loyamba. `tar -tf` imaonetsa za m'kati popanda kulemba kanthu, `tar -tvf` imaonjezerapo kukula, eni ake ndi zilolezo, ndipo `unzip -l` imachita zomwezo pa ZIP. Mukaona kuti mayina onse akuyamba ndi foda imodzi, mukhoza kumasula mtima uli m'malo. Mukaona mayina ali balalabalala, yalani saka kaye: pangani foda yopanda kanthu ndi mkdir, n'kuuza tar kuti ithire mmenemo ndi `-C`. Tar siipanga yokha foda imene mwatchula pa `-C`, pamene unzip imapanga imene mwatchula pa `-d`. Ndipo ngati phukusi lili ndi foda yapamwamba imene simukuifuna, `--strip-components=1` imaisenda ngati khoko.

Zimenezi ndi za ngozi wamba, za mnzanu amene sanalinge zoipa. Palinso womanga phukusi amene akufunadi kukuvulazani. Dzina la fayilo m'phukusi likhoza kuyamba ndi ../../ zimene zimatanthauza kutuluka mu foda yanu n'kukwera kumtunda, kukalemba kwina kumene simunalole. GNU tar imakana mayina otere ndipo imachotsa mzere wopendekeka woyambirira pa mayina oloza ku muzu wa disiki. Koma si chida chilichonse chili ndi chitetezo chimenechi. Mu 2018 kampani ya Snyk inalengeza vuto limene inalitcha Zip Slip, itapeza kuti mapulogalamu ambiri amene ali ndi khodi yawoyawo yomasulira ankangokhulupirira dzina lililonse. Gawo la tarfile la Python linali ndi vuto lofanana lolembedwa kale mu 2007, ndipo zosefera zotetezera zinabwera mu Python 3.12. Ndiye ngati mwalemba kapulogalamu kolandira maphukusi kwa anthu n'kumawamasula pa seva, musaganize kuti chinenero chimene mukugwiritsa ntchito chinaganizira kale zonse.

Ndiyeno pali chizolowezi choika sudo patsogolo pa lamulo lililonse limene lakana. Munthu wamba akamasula, mafayilo amakhala ake. Mukamasula ndi sudo mumakhala root, ndipo GNU tar imabwezeretsa eni ake ndi zilolezo monga mmene zinalembedwera m'phukusi. Mafayilo angakhale a nambala ya munthu amene kulibe pa kompyuta yanu, kapena amene alipo koma ndi wina. Zikafunikadi kumasula muli root, `--no-same-owner` imathandiza. Koma nthawi zambiri chimene chinkafunika ndi kumasulira mu foda yanuyanu, kuona, kenako n'kusamutsa.

Kukula nakonso kumanamiza. Fayilo yodziwika ya 42.zip ndi ya makilobayiti 42, koma ili ndi maphukusi m'kati mwa maphukusi, ndipo mukamasula onse mumafika pa mapetabayiti 4.5. Mu 2019 David Fifield anaonetsa kuti sizifunikanso kuika phukusi m'kati mwa linzake: ZIP imodzi ya mamegabayiti 10 inkatupa kufika materabayiti 281 pongomasula kamodzi. Ambirife sitidzakumana ndi bomba lotere. Chimene timakumana nacho ndi phukusi labwinobwino la zolemba za database limene limatupa kakhumi, n'kudzaza disiki ya seva pakati pa usiku. Kusuzumira kuja kumaonetsa kukula kwenikweni, ndipo `df -h` imaonetsa malo amene mwatsala nawo.

"Zip imachepetsa chilichonse"

Ambiri amene amawerengetsera bandulo ya data amaika zithunzi ndi mavidiyo mu ZIP poganiza kuti zichepa. Mafayilo a JPEG, MP3 ndi MP4 anafinyidwa kale ndi njira zawo, ndipo kuwafinyanso kuli ngati kukamula nzimbe yotafunidwa. Phukusi limangothandiza kutumiza chinthu chimodzi m'malo mwa makumi asanu. Zolemba wamba, khodi ndi mafayilo a CSV ndi zimene zimachepa kwambiri.

Pa nkhani ya mafayilo ambiri, pali kamsampha kamene kamagwira pafupifupi aliyense. Mu foda muli ma ZIP khumi, munthu n'kulemba `unzip *.zip`. Shell imayamba yasandutsa nyenyeziyo kukhala mayina khumi, ndipo unzip imatenga loyamba ngati phukusi, otsalawo ngati mafayilo oti iwafune m'kati mwa loyambalo. Siiwapeza, n'kudandaula. Mukaika nyenyeziyo m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, `unzip '*.zip'`, unzip imaiwerenga yokha n'kumasula onse.

"Ndaika pasiwedi, ndiye palibe angaone"

Mu ZIP yokhala ndi pasiwedi, mayina a mafayilo, kukula kwake ndi masiku ake sizibisika. Aliyense akhoza kulemba `unzip -l` n'kuwerenga kuti muli fayilo yotchedwa malipiro_a_antchito kapena dzina la wodwala. Kuonjezera apo, loko wakale wa ZIP, amene `zip -e` imagwiritsa ntchito, ndi wofooka. Eli Biham ndi Paul Kocher anaonetsa mmene angathyoledwere kale mu 1994. Mtundu wa 7z, wa pulogalamu ya 7-Zip ya Igor Pavlov, umagwiritsa ntchito AES-256 ndipo umatha kubisa ngakhale mayina mukauuza `-mhe=on`. Ndipo musalembe pasiwedi pamzere wa lamulo. Imatsala mu mbiri ya shell, imene wina akhoza kuiwerenga pongodina batani la muvi wolozera m'mwamba. Lolani pulogalamu ikufunseni.

Kanthu kena kamene kamatikhudza ife olemba Chichewa ndi chilembo cha ŵ. ZIP yakale inkalemba mayina ndi zilembo za kompyuta za DOS, zotchedwa code page 437, zimene zilibe ŵ. Njira yolembera mayina mu UTF-8 inaonjezeredwa mu 2006, koma si pulogalamu iliyonse imene imaitsatira. Choncho fayilo imene mnzanu anaitcha Malaŵi ikhoza kutuluka ndi zizindikiro zachilendo pakati pa dzina. Za m'kati zimakhala zili bwino. Musataye phukusilo. Yesani 7z kapena bsdtar, kapena ingosinthani dzina ndi mv.

"Likatseguka ndiye kuti lili bwino, likakana ndiye kuti latha"

Zonse ziwiri si zoona, ndipo kumene netiweki imaduka kapena magetsi amazima pakati pa kutsitsa, nkhaniyi si yongopeka. Phukusi la .tar.gz limene latsitsidwa theka limayamba kumasuka bwinobwino, mafayilo oyambirira n'kutuluka, kenako kumapeto n'kubwera mzere umodzi wonena kuti fayilo yathera panjira. Ngati munaika v, mzerewo umabwera pansi pa mayina mazanamazana ndipo maso sauona. Mumachoka mukuganiza kuti muli ndi zonse. `echo $?` ikaonetsa nambala ina osati 0, china chake chinalakwika.

ZIP yodukira panjira imachita zosiyana. Popeza mndandanda wake uli kumapeto, kumene sikunafike, unzip imakaniratu n'kunena kuti mwina si ZIP n'komwe. Komabe mafayilo amene anafika alimo, aliyense ndi kamutu kake, ndipo `zip -FF` ikhoza kuwatola n'kupanga phukusi lina. Chabwino koposa ndi kusayambiranso kutsitsa pachiyambi: `wget -c` kapena `curl -C -` zimapitiriza pamene zinalekezera ngati seva ikulola, bandulo n'kupulumuka. Mukamaliza, `gzip -t` kapena `unzip -t` zimayesa ngati phukusi lili lathunthu, ndipo `sha256sum` imakupatsani nambala yoti muyerekeze ndi imene eni pulogalamu anasindikiza.

Nambalayo ikafanana, mwatsimikiza chinthu chimodzi: phukusi limene muli nalo ndi lomwe wosindikiza anatulutsa. Simunatsimikize kuti za m'kati n'zabwino, kapena kuti n'zofanana ndi khodi imene anthu onse amaiona poyera. Ambiri ankakhulupirira kuti ziwirizi n'chimodzi mpaka pa 29 Malichi 2024, pamene Andres Freund, katswiri wa Microsoft wogwira ntchito pa PostgreSQL, analengeza zimene anapeza. Anali ataona kuti kulowa kudzera pa SSH pa Debian yake yoyesera kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo sanazisiye. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, pulogalamu yomweyo imene timamasulira mafayilo a .tar.xz. Analiikamo ndi munthu amene anadzitcha Jia Tan, amene anatha zaka pafupifupi ziwiri akuthandiza pa xz mpaka woyang'anira pulogalamuyo anamukhulupirira n'kumupatsa mphamvu yotulutsa maphukusi. Mbali ina ya msamphawo inabisidwa m'mafayilo ooneka ngati oyesera. Koma kachidutswa kouyambitsa sikanali mu khodi ya pa GitHub imene anthu ankawerenga. Kanali m'phukusi lotsitsa lokha, mu fayilo yotchedwa build-to-host.m4, imodzi mwa mafayilo odzipanga okha amene pafupifupi aliyense amangowadutsa akamasula.